A Taimani ndi Chikatoni Chawo

Dzina lakuti a Taimani anawapatsa ndi ometa tsitsi, chifukwa munthuyu sanaonepo ntchito ikuyenda bwino osanena kuti, "Taimani kaye, ndikuonetseni." Ana awo akafunsidwa funso, ankayankha ndi iwo. Mwana wawo woyamba ndevu zili pepeya, koma mpaka lero sagula nsapato asanaimbire foni bambo ake.

Atapuma ntchito, anagula pulinta ija yosungunula pulasitiki n'kuumba tinthu, n'kuiika pakona pabalaza. Tsiku lina kagiya ka makina osokera a akazi awo kanathyoka, mayunifolomu a sukulu ali mulu patebulo. Mwini oda ya mayunifolomuwo anali atanena kuti mayiwo akapanda kutha kusoka sukulu isanatsegulidwe, adzatenga nsalu zake.

"Bambo, kagiyaka ndikagule m'tauni," anatero mayiwo.

"Taimani kaye, mayi. Ndikupangirani pompano."

Pulintayo inafunika iyambe yadziyesa yokha moto. Imatenthetsa kamlomo kake, n'kuleka, n'kutenthetsanso kangapo, mpaka idziwe mphamvu yoti kutentha kukhazikike. Ntchito ya munthu ndi kudina batani n'kupinda manja basi. Koma kupinda manja a Taimani? Ataona manambala akukwera kupitirira muyezo, mtima unawaphulika. Anatola chikatoni n'kuyamba kukupiza kamlomoko, thukuta lili kamukamu, uku akuitonthoza pulintayo ngati mwana wodwala malungo.

Pulintayo inasunga zimene inaphunzira: kuti m'nyumba muno mumaomba chimphepo, ndiye moto uzikhala wambiri. Itayamba kuumba kagiya popanda wokupiza, inatentha mopyola, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati chingamu chotafunatafuna.

Mwana wawo wamkazi anawauza pafoni kuti aiyesenso, koma asaikhudze. Anayesadi. Manambala atangokwera, dzanja linapita lokha pachikatoni.

Kenako anazindikira kuti akamakupiza, kagiya kamatuluka bwinobwino. Anasangalala zedi! Anaima pamenepo masana onse akukupiza, phewa likuwawa, mpaka mkono unakana kagiya katatsala mano ochepa. Pulasitiki inayenderera, mano onse n'kumatana.

M'mawa mwake, tsiku lotsegulira sukulu, mwini oda anabwera n'kulongedza nsalu zake m'thumba, osakhala n'komwe pansi. Mayiwo anamuperekeza mpaka pageti, manyazi atawagwira. Pobwerera anapeza amuna awo akusisita phewa, chikatoni chili pamwendo.

"Bambo," anatero ndi mawu otopa, "pulinta iyi ndi mwana wanu weniweni. Nayonso mwailera kuti isathe kanthu popanda inu."

A Taimani anamwetulira mpaka m'makutu. Madzulo ake anakawafotokozera anzawo kometa tsitsi kuja kuti mayi a kunyumba ayamba kuyamikira.