Chitenje Chophimbira Kanema ku George

Masiku amene mafoni anali asanatilande makasitomala, ndinali ndi kanyumba koonetseramo mafilimu ku George, komboni ya mu Lusaka, kuseli kwa kiyosiki ya madzi. Munali mabenchi a matabwa, TV yolemera ngati thumba la simenti, ndi sipika panja yokokera anthu.

Mafilimu olaula aja, amene apolisi akakupeza nawo umakagona m'chitokosi, sindinkaonetsa. Osati kuti ndinali woyera mtima, ndine wamantha chabe. Koma mafilimu achikondi a akuluakulu, momwe mwamuna ndi mkazi amalowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ndiwo ankadzaza mabenchi. Ndiye komiti ya pamsika inandiikira lamulo: pakafika pochititsa manyazi, kanema aphimbidwe ndi chitenje. Wogwira chitenjecho anali ba cheyamani eniake, mdala wopuma pa ntchito ya ulonda, amene ankakhala pambali pa TV ali tcheru ngati goloboyi.

Ine pa zonenerera ndimadzitama, choncho tinakambirana thupi la munthu ngati mulu wa zovala za salaula.

"Bondo, ba cheyamani?"

"Bondo lipite."

"Phewa?"

"La mwamuna lipite. La mkazi iyai."

"Kupsompsonana? Onjezaniko pang'ono, akulu."

"Patsaya. Ukapitiriza nibweza na bondo."

Ndinatuluka ndi bondo ndi tsaya, ine amene ndinagulitsapo munthu jekete la mvula mu Okutobala.

Pafupi nafe panali saluni, ndipo mtsikana woluka tsitsi m'menemo anali atasewera mufilimu ya anyamata ena a ku komboni ya Matero. Kamera inali imodzi, nyumba yobwereka, koma iye ankaikonda ntchitoyo kuposa kuluka. Anali atatomeredwa ndi kondakitala wa minibasi, ndipo amene ankayendetsa nkhani za ukwatiwo anali azakhali a mnyamatayo, mayi woimba kwaya, wosaseka chisawawa.

Filimuyo ndinaionetsa Loweruka masana, anthu mpaka pakhomo. Pakatikati, mtsikana wathu analowa kuchipinda, n'kutseka chitseko, n'kuvula bulauzi kutsala ndi nsalu ya m'khwapa. Phewa litangoonekera, ba cheyamani anaponya chitenje. Koma lamulo lathu linkaphimba chithunzi chokha, mawu ayi. Ndiye kuseli kwa chitenje kunkamveka bedi likulira, mwamuna akubuula, mkazi akupuma mwabefu. Anyamata anaimba mluzu. Sipika ya panja nayo inafikitsa zonsezo kwa amayi amene anali pamzere wa madzi.

Pofika Lamlungu, George yense ankadziwa zimene palibe anaziona. Azakhali anatumiza mawu kuti ukwati uyambe waima.

Mtsikanayo anabwera kwa ine chipeso chikadali m'manja, maso ali psuu.

"Ba vidiyo, mwanipaya. Mwamuna uja mufilimu ni odwala. Nimunyamula, nimusambika, ndiye vamene munabisa. Ndipo paja ndiye pamene ninasewera zoona, kwina konse nimangopereka tiyi."

"Tidule pamenepo, mlongo, tinene kuti disiki inakalika."

"Mukadula ndiye kuti navomera. Onetsani vonse."

Ndinapita kwa ba cheyamani. Ndinayambira pamwamba monga mwa chizolowezi: tionetse komboni yonse, popanda chitenje. Anakana asanandipatse n'komwe mpando. Ndinatsika: akuluakulu okha. Anakana. Amayi okha, m'mawa, sipika ya panja yozimitsa. Anayamba kukanda chibwano.

"Nanga chitenje agwira ndani? Ine siningankhale pakati pa azimai."

"Agwire azakhali. Akaona choipa, aphimbe okha, mlandu uthere pamenepo."

Anavomera, mwina chifukwa nawonso ankawaopa azakhaliwo. Kuwanyengerera mayiwo kuti alowe m'kanyumba kanga, kamene ankakatcha khomo la kugehena, inali ntchito ina. Ndinasesa, ndinachotsa zithunzi za akarate pakhoma, ndinawabwerekera mpando wapulasitiki.

Anabwera ndi anzawo a kwaya. Mtsikanayo anaima kumbuyo, ine pakhomo, nkhope kunja makutu mkati. Chitseko cha mufilimu chitatsekedwa ndinacheuka. Phewa linaonekera, azakhali anakweza chitenje mpaka pachifuwa, n'kuima pomwepo. Pa kanema mtsikana ankadzutsa mwamuna wowonda, kumutsamiritsa pakhoma, kumupukuta msana ndi kansalu konyowa, bedi likulira monga linalirira Loweruka. Kenako anatembenukira kukhoma kuti wodwalayo asaone kuti akulira.

Mayi wina anafwenthera. Chitenje chinatsikira pamiyendo ya azakhali, ndipo sichinakwerenso.

"Imitsa," anatero azakhali. Ndinaimitsa. Anatembenukira kwa mtsikana uja. "Iwe, anakuphunzitsa ndani kunyamula odwala so? Dzanja kumsana, osati kukhosi?"

"Ninadwazika atate, amai."

Azakhali anayang'ana chithunzi chimene chinaima.

"Ninadwazika amuna anga. Niziba." Kenako nkhope inabwerera mwakale. "Koma bulauzi unavuliranji?"

"Inganyowe, amai. Inali yobwereka."

Amayi a kwaya anaseka mpaka benchi kugwedera. Azakhali sanaseke, koma anasendeza mpando wawo n'kuloza malo pabenchi pambali pawo.

"Bwera unkhale apa, mpongozi. Iwe wa vidiyo, pitiriza. Nifuna nione ngati mwamunayo achira."