Udzu Pamalata a Apongozi Anga

Ine ndinabadwira ku Maramba, m'tauni ya Livingstone, ndipo mpaka tsiku limene ndinakwatiwa, udzu ndinkaudziwa ngati chinthu chomera m'ngalande basi. Bambo anga ankagwira ntchito ku njanji, mayi ankagulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta mumsika. Ndinakulira kuseri kwa tebulo lawo, kumene ndinaphunzira kuitanira malonda ndi kubweza mawu. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale a nsalu atayamba kutsekedwa, anyamata a m'tauni anangosanduka okhala pamthunzi, ndiye ine ndinakwatiwa ndi wosema wa kumudzi wina waung'ono wa kwa Mukuni, amene ankagulitsa mvuu ndi njovu zamitengo ku mathithi. Anzanga anandiseka kuti ndakwatiwa kutchire. Ndinawafunsa kuti nanga amuna awo a m'tauniwo akusema chiyani.

Kumudziko ndinapeza apongozi anga, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Chinenero chawo chinali Chitonga, koma ndi ine ankalankhula Chinyanja cha mumsika, ati Chitonga changa chinkawapweteka m'makutu. Dzina langa sankalitchula. Ndinali "iwe wa ku Maramba", kaya ndaphika bwino kaya ndapsereza.

Chuma chawo chonse chinali malata. Malemu amuna awo, amenenso anali wosema, ankagula lata limodzi akagulitsa chosema chachikulu, n'kubwera nalo panjinga kuchokera m'tauni, n'kuliimika kuseri kwa bedi. Anawalonjeza akazi awo kuti tsiku lina adzagona akumva mvula ikulira padenga ngati kwa aphunzitsi. Anamwalira malatawo asanakwane. Mwamuna wanga ndiye anagula otsalawo, n'kukhoma denga m'nyengo yozizira. Kuyambira pamenepo apongozi ankati akadzuka m'mawa n'kuyang'ana kumwamba, chonsecho ngakhale mwana amadziwa kuti mu Juni mvula kulibe. Tsiku lina ndinawamvera chisoni, ndinati ndiwaze madzi padengapo ndi kapu kuti alaweko.

"Awe, iwe wa ku Maramba," anatero. "Iyo ni mvula ya boza. Nizayembekeza ya Mulungu."

Chaka chomwecho mudzi unayamba ntchito ya alendo. Azungu ambiri ankagona kutsidya ku Zimbabwe, kuwoloka pamlatho, kujambula madzi n'kubwerera, koma ena anayamba kufunsa kuti anthu osemawa amakhala kuti. Tinagwirizana kuti alendo azibwera kudzaona mmene timakhalira, zimene alipire zizilowa m'thumba limodzi la mudzi, tikumbitse mjigo. Madzi tinkatunga kutali, ndipo ine wa m'tauni khosi linali litayamba kale kufupika. Kunabwera mayi wina wa kubungwe kudzatiphunzitsa. Anati ntchito ya alendo isawononge mudzi, mudzi ukhalebe mudzi. Mawuwo anali abwino, kungoti anagwera m'makutu a wapampando wathu.

Wapampando wa komiti anali msuweni wa mwamuna wanga, bambo woonda amene anagwirapo ntchito yoperekera zakudya kuhotela m'tauni mpaka atamuchotsa. Ankayenda dzanja limodzi atalipinda pamimba ngati pali kansalu koyera. "Ine bazungu nibaziba," ankatero pamsonkhano uliwonse. "Nabapasa tiyi zaka zambili." Iye anamva kuti mudzi ubwerere mmene unalili agogo ake asanabadwe. Analamula kuti alendo akamabwera, mawailesi azibisidwa, ndowa zapulasitiki zizibisidwa, ana ovala malaya a mpira azithamangitsidwira kuseri. Komiti inamanganso kanyumba kozungulira kaudzu kolandiriramo alendo, n'kukatcha nyumba ya makolo.

Ine anandisankha kukhala wotanthauzira chifukwa Chingerezi ndinkachiyesako. Kenaka anandiwonjezera ntchito yosinja. Amayi a m'mudzimo anakana kwamtuwagalu, ati chigayo chilipo, sangasinje pamaso pa alendo ngati anthu osauka. Choncho munthu yekhayo amene anali asanagwirepo munsi chibadwire ndiye anakhala chithunzi cha mayi wakumudzi. Zithunzi zanga zili kumayiko ambiri, ndikusinja mtondo wa chimanga chomwechomwecho, manja ali matuza okhaokha.

Vuto linabwera ndi gulu loyamba. Nyumba ya apongozi inali pakati penipeni pa mudzi, ndipo malata ake atsopano ankanyezimira moti ukayang'ana misozi inkatuluka. Mzungu wina anazungulirazungulira ndi kamera yake, kugwada, kuimirira, kupendekeka, kufuna chithunzi chopanda malatawo. Wapampando anaona zimenezo. Mawa lake komiti yonse inafika pakhomo pathu, amayi a m'mudzi ali pambuyo.

"Amayi," anayamba wapampando, "malata yanu yaononga mapikicha. Bazungu bafuna udzu."

"Kwao bagona mu udzu?" anafunsa apongozi.

"Iyayi."

"Manje ine nabalakwila chani?"

Wapampando anakhosomola n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga, tonse tiyenera kugwirizana.

"Iyi denga tinasenza na bamuna banga," anayankha apongozi. "Imwe munali kusenza matileyi ku hotela."

Ine ndinaseka mpaka mwamuna wanga anandiponda phazi. Koma wapampando sanali wopusa. Anasiya za zithunzi n'kuyamba za mjigo. Anati alendo akasiya kubwera, madzi sadzabweranso, ndipo anthu adzadziwa kuti mjigo unathera pakhomo pa ndani. Anati sakupempha kuti malata achotsedwe, angowafolera udzu pamwamba: mkati malata, kunja chikhalidwe. Apongozi anayang'ana amayi anzawo aja, anthu amene ankapita nawo kumadzi kuyambira ali atsikana. Palibe amene anawayang'ana kumaso. Anangoti, "Chitani," n'kulowa m'nyumba. Ndinali ndisanawaonepo atagonja, ndipo zinandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira.

Udzu chaka chimenecho unali wosowa chifukwa mvula inali itavuta, ndiye komiti inasasula theka la denga la nyumba ya makolo n'kudzaufolera pamalata athu, n'kumanga ndi luzi. Nyumba ya makolo inatsala ndi denga lolowa dzuwa ngati sefa, koma wapampando anati alendo amakonda kamphepo.

Zoyamba kuyamikira ntchitoyo zinali nkhuku. Zinakwera n'kuyamba kuikira mazira mu udzumo. Kenaka mbuzi ina inapeza njira kudzera pamulu wa nkhuni, n'kumadya denga mwamuna wanga akuigenda. Alendo nawo anaikonda nyumbayo kuposa zonse, ati iyi ndiye nyumba yeniyeni ya ku Afirika. Apongozi ankakhala pakhomo nkhope ili ngati amwa kwinini, alendo n'kumandifunsa kuti mayiwa akuti chiyani.

"Bauze bachoke, banichinga mphepo," ankatero apongozi.

Ine n'kutanthauzira kuti mayi akuti takulandirani ndi manja awiri.

"Uyu wa kabudula alibe bakulu kwao?"

Ine n'kuti mayi akufunsa ngati kunyumba mwasiya bwino.

Tsiku lina alendo atapita, apongozi anatola kamwala n'kukaponya padenga. Kanangoti fu, mu udzu. Anatolanso kena, chimodzimodzi.

"Wamvela, iwe wa ku Maramba?" anatero. "Denga yanga baivala pakamwa."



Mwezi wa Novembala unafika ndi kutentha kwake kuja kwa ku Livingstone, kumene ngakhale agalu amaleka kuuwa. Nthawi imeneyo mathithi mbali yathu amakhala ataphwa, miyala yokhayokha, ndiye madalaivala ankabwera ndi alendo okhumudwawo kumudzi kuti aoneko china. Masana ena minibasi inatsitsa gulu lalikulu. Ine ndinamanga chitenje, n'kuyamba kusinja chimanga changa chija. Ndikusinja choncho, mphepo inatembenuka, kumwamba kunada, fungo la dothi lonyowa linafika mvula isanafike. Wapampando anakusa alendo onse n'kuwalowetsa m'nyumba ya makolo.

Ndinangomva dzanja landigwira pamkono. Anali apongozi, kudzanja linalo atagwira chikwanje. Mwamuna wanga anali ku mathithi ndi njovu zake.

"Mwana wanga," anatero, "kwela."

Ndinayang'ana kumbuyo kuti ndione mwana wawoyo ali kuti. Panalibe wina koma ine.

"Amayi, ba cheyamani bazakamba chani?"

"Bazakamba na ine. Mvula yoyamba sibwela kabili."

Ndinakhuthula chimanga pansi, n'kugubuduza mtondo mpaka pakhoma, n'kuuvundikira. Kwa nthawi yoyamba mtondo umenewo unandigwirira ntchito yanzeru. Ndinapondapo, n'kukwera, chitenje nditachikwinya ngati wopita kukamenyana. Luzi ndinkangodula mosaona, udzu n'kumaukankhira pansi ndi mapazi. Nkhuku zinauluka zikulira, mazira anayamba kugubuduka m'mizere ya malata n'kumagwa limodzilimodzi. Wapampando anatuluka akuthamanga.

"Mulamu! Seluka! Uononga bizinesi ya munzi!"

Dzira lina linamupeza paphewa, pamalaya ake oyera a kuhotela aja. Sindinachite dala, koma sindinganene kuti ndinadandaula. Apongozi anaima pakati pa iye ndi mtondo, manja m'chiuno, ndipo ngakhale anali wamfupi, wapampando sanapeze podutsa. Madontho oyamba anandimenya pamsana ndikukankha mtolo womaliza. Ndinatsika chotsetsereka, n'kufikira pa udzu womwewo.

Ndiye inagwa mvula, osati yamasewera. Tinathawira m'nyumba, ine ndi apongozi. Tisanapume n'komwe, chitseko chinatseguka, alendo n'kuyamba kulowa atanyowa, makamera atawabisa m'malaya. Nyumba ya makolo inali ikudontha paliponse, ndipo m'mudzi monse denga loyandikira limene likanawasunga linali lomwe lija loononga zithunzi. Anadzaza m'chipinda, ena pamphasa, ena choimirira pafupi ndi wailesi ndi ndowa zapulasitiki zimene tinkabisa. Womaliza kulowa anali wapampando, dzira likutsika pamkono.

Amene sanakhalepo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mvula yoyamba ikugwa sangadziwe phokoso lake. Wapampando anayesa kupepesa alendo m'Chingerezi chake cha kuhotela, koma tinkangoona pakamwa pakuyenda. Apongozi anakhala pabedi, manja pamiyendo, maso atatsinzina, misozi ikutsika koma nkhope ikumwetulira. Mayi wina wachikulire mwa alendowo anandikuwira m'khutu kufunsa ngati gogoyu akudwala. Apongozi anatsegula diso limodzi.

"Bauze bankhale zii," anakuwa. "Beve babwela kutali kuzamvela manzi yakugwa. Aya ni yanga."

Tsiku limenelo ndinatanthauzira ndendende, osachotsa kanthu. Ndinawonjezera za njinga, za lata limodzilimodzi kuseri kwa bedi, ndi za bambo amene sanadikire. Mayi uja anauza mnzake, mnzakeyo anauza wina, mpaka onse anakhala chete. Palibe amene anatulutsa kamera. Tinakhala choncho, anthu odzaza chipinda, kumvetsera denga.

Udzu uja sunabwererenso pamalata. Komiti inautola n'kukaubwezera panyumba ya makolo pamene unachokera. Alendo sanasiye kubwera, mjigo unadzakumbidwa patapita nthawi, ndipo wapampando ankaimitsa gulu lililonse pakhomo pathu n'kufotokoza nkhani ya malatawo ngati kuti maganizo ochotsa udzu anali ake. Ine mawa lake lomwelo ndinabwerera kukhala "iwe wa ku Maramba", chifukwa ndinasiya chimanga pamvula.

Koma zimene zinachitika mvula itayamba kukata masana amenewo, alendo sanazione, anali akutuluka. Apongozi anaimirira n'kuyenda m'chipindamo, kugwira pansi pakona iliyonse, kugwira bulangeti, kuyang'ana m'mwamba mzere uliwonse wa misomali. Atatha anatembenukira kukhoma la kuseri kwa bedi, pamene malata ankaimikidwa zaka zonse zija, n'kulankhula motsitsa m'Chitonga. Chitonga changa chinali choipa, koma mawu amenewo ndinawamva. Ankawauza amuna awo kuti silikudontha.