Mafuwa a ku Joni

Kwathu kuseri kwa Linthipe, munthu wochokera ku Joni ankadziwika ndi nthawi imene walowera m'mudzi. Wobwera ndi njinga ndi mabulangete ankatsika basi dzuwa lili paliwombo, n'kumayenda pang'onopang'ono kuti ndi nkhuku zomwe zimuone. Wobwera chimanjamanja ankabisala m'thengo mpaka agalu atagona, n'kulowa m'nyumba mwake ngati mbala. M'mawa anthu ankangomva kuti uje anafika, n'kumatsinana. Palibe amene analamula zimenezi, koma aliyense ankazitsata. Ine ndinadana nazo ndili ndi zaka khumi, ndipo mpaka lero sindinasinthe.

Bambo anga anapita ku migodi ndili ndi zaka zinayi, m'zaka zija za m'mafifite. Makalata anabwera zaka ziwiri, kenaka kunangoti zii. Anthu anayamba kuwatchula mtchona, ndipo amayi ankalimva dzinalo kudambo, pamtondo, ngakhale potuluka m'tchalitchi ku Kasina. Tinkakhala kwawo kwa amayi, bambo anali akamwini, choncho mawu onse anali kwa amalume. Amalumewo anali atapeza kale mwamuna wina, telala wa ku Chimbiya amene mkazi wake anamwalira. Telalayo anawasokera amalumewo jekete yakuda imene ankavala ngakhale popita kukhola. Amalume anagamula kuti chimanga chikangolowa m'nkhokwe, ukwati wa amayi uthe. Amayi ankangopita kudimba kukasamalira kachewere wawo.

Mwezi wa Juni kuno sucheza. Ine sindinkagona ku gowelo ndi atsikana anzanga, ndinkagona ndi amayi pamphasa imodzi titafunda chiguduli, moto wa zitsononkho ukufuka pambali. Ndimakumbukira makoswe akuthamangitsana kudenga, ndi mphepo yochokera kuphiri ikulowa pansi pa chitseko n'kutipeza kumapazi. Usiku wina, chimanga chili m'mikukwe, tinamva munthu akutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Sananene odi. Ankatsokomola, n'kuleka, n'kuyambanso.

Amayi anatenga chikuni cha moto ndi nkhwangwa, ine ndili pambuyo pawo. Tinapeza munthu wowonda atakhala pa sutikesi, dzanja lamanzere atalibisa m'khwapa. Ine sindinamudziwe. Amayi anamuunika kumaso nthawi yaitali, kenaka anaika nkhwangwa pansi.

"Mwafika liti, bambo ake?" anafunsa.

"Basi inanditsitsa m'mawa," bambo anayankha chapansipansi. "Ndinali kumtsinje."

"Tsiku lonse kumtsinje? Ku Joniko mwasanduka nkhanu?"

Bambo anafotokoza monong'ona. Mwala unawaphwanya zala ziwiri, chifuwa chinawagoneka m'chipatala nthawi yaitali, ndipo tinthu tochepa timene anatigulira tinabedwa m'sitima iwo ali m'tulo. Manyazi ndi amene anawaletsa kulemba. Amayi anayesa kunyamula sutikesi ija, koma inalemera. Ataitsegula munali malaya amodzi, supuni, ndi miyala itatu ikuluikulu yosalala, yonyowabe ndi madzi a kumtsinje.

"Ndimati anthu akaigwira mawa, aziti muli kanthu," anatero bambo.

Ine ndinaseka. Ndinali mwana, koma kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero, chifukwa bambo anandiyang'ana n'kuweramitsa mutu. Amayi sanaseke.

"M'nyumba muno simulowa usiku," anatero. "Ine sindinakwatiwe ndi kadzidzi. Munachoka dzuwa likuwala, anthu akukuperekezani. Mubwera momwemo."

Anawafunditsa chiguduli chathu chija, anawapatsa kachewere wootcha amene anatsala madzulo, n'kuwauza kuti akagone mu msasa wa kudimba. Ife tinabwerera m'nyumba opanda chofunda. Ndinalira, ndikuti amayi awathamangitsa bambo. Iwo anangondikokera pachifuwa n'kuti, "Gona iwe, mawa uli ndi ulendo." Ndikudziwa kuti sanagone, chifukwa ndinkamva mano awo akugundana ndi chisanu.

Kutacha amayi anasamba, anadzola mafuta a nsatsi, n'kuvala chilundu chawo cha kutchalitchi. Tinadzera kudimba kukatenga bambo, ndipo tonse atatu tinazungulira m'mabulugama mpaka tinatulukira pa msewu waukulu pamene basi imatsitsa anthu. Tinakhala pamenepo kudikira dzuwa kuti lifike paliwombo. Bambo anafuna kutaya miyala ija m'ngalande, amayi anakana.

"Mwavutika nayo kuchokera kumtsinje. Ifike."

Anapinda nkhata, anasenza sutikesi, n'kutsogola. Bambo anali pakati, ine kumbuyo. Titafika pa nyumba zoyamba amayi anaimba nthungululu, okha, katundu ali pamutu. Palibe amene anawathandiza. Anaimbanso, khosi likunjenjemera ndi kulemera kwa miyala. Anthu anatuluka, ana anatithamangira, ndipo pofika pakhomo pathu bwalo linali litadzaza. Ine ndinkafuna nthaka itseguke ndilowemo.

Amalume anabwera ndi jekete yawo ija. Nkhani anali ataimva kale kwa mayi wina amene anawaona bambo akutola miyala pamene iye ankachapa. Anapereka moni mwaulemu wonyenga.

"Takulandirani, alamu. Zaka zisanu ndi chimodzi si dzana. Tatsegulani tione za ku Joni."

Bambo anali chilili, dzanja lili m'khwapa. Amayi anatula sutikesi, anaitsegula okha, n'kutulutsa miyala umodzi umodzi. Anaiyala pansi pakati pa anthu monga momwe amayalira mafuwa. Phwete linalipo losaneneka. Ena anagwira m'mimba, ana anagubuduka m'fumbi osadziwa n'komwe chimene akuseka. Amayi anapinda manja n'kudikira.

"Sekani mumalize," anatero phokoso litachepa. "Pano pali nyumba zimene zinalandira njinga ndi mabulangete, koma eni ake mafupa ali komweko. Ine katundu amene ndinkadikira wabwera ndi miyendo yake." Kenaka anatembenukira kwa amalume. "Achimwene, jeketeyo mukabweze kwa mwini wake. Ngati yakukomerani kwambiri, mukakwatiwe naye ndinu."

Apa ndiye anthu anaseka kachiwiri, koma tsopano ankaseka amalume. Mayi wina wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene mwamuna wake anafera pansi pa mgodi, sanaseke. Anadza pafupi, anagwira dzanja la bambo lopanda zala lija n'kulitulutsa m'khwapa, ndipo anaimba nthungululu misozi ili chuchuchu. Amayi analowa m'khitchini, anagubuduzira panja mafuwa awo akale, n'kuikapo miyala ya bambo. Za telala sizinamvekenso.

Bambo anakhala nafe zaka zinayi chifuwa chisanawatenge. Khasu silinkatheka, koma ankaluka nsengwa ndi zala zawo zisanu ndi zitatu, ndipo ankakhala pakhonde poonekera, osati kuseri. Anthu ankatiseka kuti kwathu timaphikira pa mafuwa a ku Joni. Amayi analitola dzinalo n'kulipanga lawo. Mlendo aliyense ankamutengera kukhitchini n'kumuonetsa, "Awa ndi amene anandibweretsera amuna anga." Ndinaphunzira pamenepo kuti manyazi ukawaika pabwalo ndiwe mwini, okuseka amasowa pogwira.

Miyala iwiri inasweka ndi moto kalekale. Wachitatu ndili nawo m'khitchini mwanga, wakuda bii, ndipo amene angayerekeze kuutaya adzaona mkwiyo wa nkhalamba. Ndalemba zonsezi chifukwa cha mdzukulu wanga. Iyenso anapita ku Joni, ndipo poyamba ankatumiza zithunzi pafoni atatsamira galimoto za eni. Kenaka kunati zii. Sabata yatha amake anandinong'oneza kuti mwanayo ali ku Lilongwe kuyambira pa Isitala, akugona kwa mnzake, akuopa kufika kuno chifukwa wabwera wopanda kanthu. Akuti akufuna adzafike usiku.

Ndawauza amake kuti amuuze mawu anga osachotsapo. Usiku chitseko changa sindidzatsegula. Atsike minibasi pa Linthipe dzuwa lili paliwombo, adzandipeza ndili pamsewu ndi nkhata yanga. Khosi langa latha, koma chikwama chake ndidzasenza ndine.