Ufa pa Mkanjo wa ku Roma

Tsiku loika amalume ku Chawama ndinanyamuka ku Kalingalinga m'mamawa ndi akulu anga, ansembe ophunzitsa za Mulungu kuseminale. Anthuwa anaphunzira mpaka ku Roma, n'kubwerako ndi udokotala wosachiza ngakhale chimfine. Parishi anaigwirako pang'ono ku Kitwe, mabuku n'kuwamezanso.

Mantha anali nawo. Amayi atamwalira iwo anali pa mayeso kunjako, sanabwere. Chawama, komwe tinakulira, sinaiwale, ndipo chibwerere anali asanapondeko.

Basi yaboma inafika yodzaza thothotho. Kondakitala ataona mkanjo wakuda anakana ngwee zawo, mayi wina n'kuwapatsa mpando. Ine, mlongo wa woyera mtima, ndinalipira n'kuimirira. Chidakwa china chinafunsa ngati Mulungu amamva Chinyanja kapena Chilatini chokha. Akulu anga anayamba kuyankha mwadongosolo; pofika m'tauni chinali chitagona.

Pa Kamwala ndinagula vitumbuwa, iwo anakana kudya. Kuchokera apo tinayenda pansi, m'matope.

Ife ndife Angoni. Pamaliro athu Abemba, ambuya athu a chipongwe, amatipaka ufa kumaso n'kutinyoza kuti tisafe ndi chisoni. Ine anandiyeretsa ndisanalowe n'komwe. Koma akulu anga anawagwadira, “Ba Faza, Ba Faza,” n'kuwaikira mpando pamthunzi. Palibe anawakhudza. Anakhala okha, aukhondo ngati mlendo, ndipo zinandiwawa.

Dzuwa litafika pamutu anatulukira Bana Mulenga, mayi wa Chibemba amene anasambitsa mtembo wa amayi. Ananyamula mbale ya ufa, ufa womwewo tinkaufolera pamzere masiku amenewo.

“Iwe Mngoni wodya mbeba,” anatero, “ku Roma kulibe mabasi yobwela ku malilo ya amai bako?”

Anawakhuthulira mbale yonse pamutu. Ndinati lero tiona Chilatini.

Akulu anga anatsika pampando, n'kukhala m'dothi, nalira maliro a amayi pompo, mokweza ngati mwana. Bana Mulenga anawagwira mutu uku akuwatukwanabe. Kumanda akulu anga, ali mbuu ndi ufa, anapempherera amalume, mawu ochepa, m'Chinyanja cha ku Chawama.

Ndinaphunzira kuti kwathu akakulemekeza kwambiri ndiye kuti sanakukhululukire. Pobwerera mkanjo uja sanaukunthe. Kondakitala anawayang'ana, nawalipiritsa ngati aliyense, ndipo mubasimo akulu anga anandilanda vitumbuwa vanga vija n'kudya vonse.