Lero Ndamuona Amene Anakupha, Tiyamike

Tiyamike mng'ono wanga, lero ndamuona mwamuna wako pamsika wa Kabwata akuseka ndi mkazi watsopano, ndipo wanenepa. Ndakumbukira Loweruka lija unandikokera ku kalasi ya ziphunzitso za Chibuda ku Woodlands. Aphunzitsi anati titsinzine, timufunire mtendere munthu amene amatizunza. Iwe unanong'ona dzina lake, mlomo wako uli wotupa ndi chibakera chake. Potuluka ndinati, "Musiye, adzakupha." Unandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ba sisi, nayenso akuvutika mumtima."

Anakuphadi, koma akwawo akuti unagwa m'bafa. Chifundo chako chija ine ndilibe. Aneba ako avomera kukachitira umboni kukhoti. Ndikufuna mwamuna wakoyo akaolere kundende, amake azikamuyendera monga amama amayendera manda ako.