Duwa la Adona pa Phiri la Ntchisi

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi pamene nkhondo ya Jeremani inafika kwathu. Mfuti sitinaimve ayi. Nkhondoyo inabwera ndi chingwe: asilikali a boma ankayenda m'midzi kugwira amuna kuti akasenze katundu wa nkhondo kumpoto, ndipo amene ankabwerako ankabwera ali mafupa okhaokha. Mlongo wanga Yosefe ndi anzake anathawira m'nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, kuphanga lina la m'mbali mwa kamtsinje. Wowapititsira chakudya ndinali ine, chifukwa palibe amene amafunsa kamtsikana kosenza mtsuko. Amayi anandilumbiritsa kuti ndisatsegule pakamwa, ndipo chinsinsicho ndinkanyada nacho kwambiri.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti mzungu wamkazi, mlendo wa ku boma la Dowa, akufuna kuzungulira phirilo tsiku lathunthu kuti aone maluwa ndi mbalame. Azungu aakazi tinkawatcha adona. Anasankha atate kuti awatsogolere, poti ankafula njuchi ndipo ankadziwa njira iliyonse. Akanakana, mafunso akanachuluka. Ine anandiuza kuti ndinyamule dengu la adonawo.

Tinanyamuka pa hema wawo m'munsi mwa phiri, pomwe panatsala asilikali olondera. Nkhungu inali itadzaza zigwa zonse, phiri lokha lili poyera ngati chilumba. Adona anakwera bulu. Pambuyo pathu pankabwera mesenjala wa boma wa chisoti chofiira, Mchewa mnzathu wa cha ku Chisepo, amene ankamasulira. Tonse tinkayang'ana m'mwamba kumene adona ankaloza, koma iye maso ake anali pansi, panjira.

Nkhalango ya Ntchisi ndi yamdima ngakhale masana. Madzi ozizira ankadontha m'mitengo, masamba ovunda akununkha, ndipo apusi amene ndinazolowera phokoso lawo anali zii tsiku limenelo. Atate ankaonetsa mitengo ikuluikulu, ming'oma yawo ya njuchi ndi mwala pomwe munthu amaona dziko mpaka kutali. Ankaseka kwambiri, kuseka kumene sindinkakudziwa. Titafika pamphambano pomwe kanjira kanga kankapatukira kumtsinje, mesenjala anaima.

"Nanga uku?"

"Uko n'kumanda, bwana," anatero atate. "Makolo athu agona kumeneko."

Mesenjala anagwedeza mutu mwaulemu, tinapitirira. Mumtima ndinaseka kuti atate amupusitsa.

Tinapumula pang'ono chabe kuchokera pamenepo. Adona anandipatsa kachibulumwa ka shuga, chinthu chimene ndinali ndisanalawepo, nandisisita kumutu. Kenaka anatsegula buku lawo naonetsa atate chithunzi cha duwa loyera lomera panthambi za mitengo. Anali atalifuna m'mawa wonse. Atate anapukusa mutu kuti sanalionepo. Koma ine ndinkaliona tsiku ndi tsiku, pa mtengo wopendekera pafupi ndi phanga.

Sindinganame kuti ndinaganiza. Ndinkangofuna kuti dzanja loyera lija lindisisitenso. Ndinazemba, ndinathamanga kubwerera kumphambano, ndinatsetserekera kumtsinje, ndipo posakhalitsa ndinabwera wefuwefu, miyendo ili matope, duwa lili m'manja. Adona anaomba m'manja, chimwemwe chokhachokha. Nditacheukira atate ndinaona milomo yawo itayera ngati phulusa.

Kwathu mwana salowa kumanda. Ngakhale kuloza ndi chala sitinkaloledwa, ndipo podutsa pafupi tinkathamanga osacheuka. Adona sakanadziwa zimenezo. Mesenjala anakulira m'mwambo womwewo, ndipo anandiona potulukira. Anagwada pamaso panga, nayang'ana matope a m'miyendo mwanga nthawi yaitali.

"Iwe mwana, suopa manda?"

Ndinakumbukira lumbiro langa, ndinatseka pakamwa kuti ndii. Iye anamwetulira.

"Ana a kuno ndi olimba mtima, atate," anatero akudzuka.

Ulendo sunathere pomwepo, ndipo chimenecho ndi chomwe chimandiwawabe. Tinamaliza kuzungulira phiri, atate akutchula mayina a mbalame, adona akulemba m'buku. Kawiri konse atate anapempha kuti andibweze kunyumba poti ndatopa. Mesenjala anati dengu lilibe wina wonyamula. Titafika pa hema anatiuza tikhale pansi tidikire mphatso, iye napita kukanong'onezana ndi asilikali. Tinawaona akukwera phiri dzuwa lisanalowe.

Anatsika ndi amuna onse a kuphanga aja pa chingwe chimodzi. Yosefe anali wachitatu, mwendo ukuchucha magazi. Adona anali m'hema, akujambula duwa lawo. Podutsa pomwe tinakhala, mlongo wanga anandiona ndikulira ndipo anayesa kunditonthoza.

"Usalire, Esitere. Iwe unatisunga bwino. Wina wake ndiye watipereka."

Amenewo ndi mawu omaliza amene ndinamva kwa iye, chifukwa kumpotoko sanabwereko.

Atate sanandimenye, ndipo amayi anamwalira osadziwa, poti atate sanawauze. Zaka zambiri ndinkadana ndi mesenjala uja, kenaka ndi adona, kenaka ndi ine mwini. Tsopano ndakalamba, ndalera ana ndi zidzukulu, ndipo ndaona mmene mwana amasungunukira munthu wachilendo akangomuyamikira. Ndinaphunzira mochedwa kuti kusunga chinsinsi si kutseka pakamwa pokha: ine sindinanene liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinaulula zonse. Mwana uja, Esitere wa nthawi imeneyo, ndinamukhululukira kale. Chimene sindinathe kudzikhululukira ndi chakuti Yosefe anachoka akundithokoza, ine n'kumusiya apite choncho.