Mahedifoni a Batate

Shuga atawadya maso bambo anga, amene timawatcha Batate, chinawapweteka kwambiri si kupunthwa pakhomo ayi, koma mabuku. Munthu anaphunzitsa Chingerezi moyo wake wonse ku Kasisi, lero pepala nkumaliona ngati chifunga. Amayi anali atatisiya kale, choncho ine ndinasiya za ku Lusaka nkubwerera kumudzi kukawasamala.

Mlongo wanga, bambo wa ntchito ya m'boma wokhala ku Silverest, anabwera Loweruka lina ndi foni ndi mahedifoni. M'fonimo anaikamo mabuku oti munthu akukuwerengera, iwe nkumangomvera. Iyeyo amamvera zimenezi m'galimoto msewu wa kutauni ukadzaza. Ndiye mabuku ake! Ataliatali, osatha ndi sabata, onena za anthu a m'zombo zopita ku nyenyezi, obadwira momwemo, kufera momwemo, osafikako. "Bazakondwela, uzaona," anatero, nkuliza galimoto, ulendo.

Poyamba ndinakondwa, ndisaname. Batate ankakhala pansi pa mango, mutu utapendekeka, nthawi zina nkumaseka okha. Pa chakudya ankandisimbira za dziko lina kumene dzuwa limatuluka kamodzi kokha pa moyo wa munthu. Ine za nyenyezi sizindikhudza, koma ndinkavomera kuti apitirize kulankhula.

Koma kwathu wodwala amazondedwa. Azimayi a kumphakati, aphunzitsi anzawo, alimi a ku Nkomeshya omwe Batate anawaphunzitsa ali ana, onse ankabwera. Ndipo sungalowe pabwalo la munthu wamkulu asanakuyankhe odi. M'mawa ine ndinkakhala kudimba kuthirira repu. Anthu ankaima pageti, "Odi! Odi kuno!" Batate ali phee pampando, akuonekera bwinobwino. Anthu aja nkudikira, nkuomba m'manja, nkubwerera ndi nthochi zawo.

Nkhaniyi ndinaimva titatuluka Misa. Mayi wina wa kumphakati anandikokera pambali. "Ba Ticha tinabalakwila chani? Tibwela, bali che zii." Manyazi anandigwira zedi. Ndinafotokoza za mahedifoni, iwo nkugwedeza mutu, koma alendo anayamba kuchepa. Mapemphero a mphakati, amene ankachitikira pakhomo pathu, anawasamutsira kwina osatiuza. Ndinachita mantha. Munthu wakhungu, wamasiye, anthu akamutaya atsala ndi ndani?

Ndinamuimbira mlongo wanga nkumulalatira. "Foni yako yatipitikisila banthu! Siku ya malilo uzakumba weka manda?" Iye, osatekeseka, akuti angochepetsako mawu. Ha! Ndinadula foni ndisanatukwane.

Tsiku lina masana ndili kudimba ndinaona mkulu wa mphakati, mnzawo wa Batate wa pa unyamata, ataima pageti chipewa chili m'manja. Odi wake ndinamumva ine ndili kutali. Ndinataya khasu nkuthamanga, koma pofika anali atakwera njinga. Mtima unandiwira. Ndinafika pampando nkuzula mahedifoni m'makutu mwa Batate, ine amene sindinawagwirepo kumutu chibadwire.

Ndinawaika kukhutu langa kuti ndimve chomwe chikuposa anthu. Munali zii. Ndinayang'ana foni, yozima. Magetsi anali atapita kuyambira dzulo lake, batire linali litatha kalekale.

"Batate, munamumvela odi uja?"

"Ninamumvela."

"Nanga benangu bonse baja?"

"Bambili ninali kubamvela."

Iwo anatembenukira komwe kunali ine, maso ali mbee.

"Mwana wanga, bakangena pano bonse ni pepani ba Ticha, pepani ba Ticha. Bakamba na ine monga nili kale mu bokosi. Uja wa mu foni anisimbila che nkhani, sanimvela chifundo." Anatambasula dzanja. "Nipase."

Ndinafuna kukana, ndinafuna kulira. Ndinawapatsa. Anapapasa mpaka anapeza makutu, nkuvala mahedifoni aja foni ili yozima, ndipo ine ndinakhala pansi pambali pawo kuyang'ana geti.